Zochoka Muzijambula Liti?

6 Epulo

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi nkhalamba za eni zimene mumasamalirazo. Kuno tilipo. Amayi ali monga munawasiyira pa maliro paja. Amadzuka, amasesa pakhomo, kenako amakhala pakampando kawo pafupi ndi kabati mpaka dzuwa kupendeka. Kudya amangolawa. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumandidula pakamwa, ndipo nkhani iyi ikufunika muimve yonse musanayambe kukalipa.

Ndikupanga filimu. Musaseke. Ndi yaifupi, munthu akhoza kuimaliza akudikira madzi a tiyi kuti awire. Nkhani yake ndi ya bambo wokonza masikelo amene akutuluka m'mawa wina ndi bokosi lake, osabwereranso. Inde, ndi Ababa. Ndikudziwa mmene nkhope yanu yachitira pamenepa. Koma chichokereni tsiku lija munthu wa kumsika anabwera ali wefuwefu kudzatiuza kuti agwa pakati pa mabenchi, ine sindinapeze poika zimenezi. Inu munalira n'kukwera ndege. Ine ndinatsala ndi mpando wawo, ndimauona tsiku lililonse ndikamapita kuntchito.

Palibe amene ndikumulipira. Malipiro awo ndi tiyi ndi kuona maina awo kumapeto kwa filimu. Kamera ndi ya Wamaukwati, mnzanga uja amajambula maukwati. Amabwera Lamulungu m'mawa maso ali psuu, chifukwa Loweruka amakhala pantchito. Mawu akujambula ndi Aphunzitsi a masamu aja munkaphunzira nawo, maikolofoni tamangirira ku ndodo ya mopu. Amene akusewera ngati Ababa ndi Wometa wa pakona. Msinkhu ndi womwewo, ndevu zaimvi ndi zomwezo. Makutu okha ndiwo akulakwa, ali ngati zogwirira poto, koma timawabisa ndi chipewa.

Amayi ndinawapempha kuti tijambulire pabalaza. Anati, “Nyumba ndi ya abambo ako, kawafunse.” Ndinkati akana. Kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi jekete la Ababa labulawuni lija, n'kuliika pamiyendo panga.

Chopempha changa n'chimodzi. Kakhadi kosungira zithunzi kamene tili nako n'kakang'ono kwambiri. Tikalakwitsa penapake timafufuta pompo kuti malo apezeke, ndipo Wamaukwati amatukwana nthawi yonse imene akufufutayo. Mukapeza kakakulu mutitumizire.

Ndine mzime wanu.


24 Epulo

Mzime,

Kalata yako ndalandira. Ndili bwino, msana wokha ndi umene ukundikumbutsa kuti ndikukula. Kuno dzuwa layamba kuoneka, masana timatulutsa nkhalamba zathu panja kuti ziwothere.

Sindikalipa, poti wandiletsa. Ndingodabwa. Ana a anthu ena bambo awo akamwalira amakonza denga lodontha. Iwe wasankha kuveka wometa jekete la malemu n'kumamuyendetsa pabalaza pamaso pa mayi wamasiye. Unali choncho chibadwire. Galu wathu atafa unalira kuti tisamukwirire mpaka umujambule papepala.

Ine ntchito yanga ndi okalamba, ndimadziwa mmene mutu umayambira kuchoka. Suimba ng'oma. Umayamba ndi tinthu tating'ono, munthu kuika mbale ziwiri patebulo pamene akudya yekha. Uziwayang'ana Amayi, osati kamera yokha. Mako ndi mako, Mzime, si katundu wa m'sewero.

Kakhadi ndikagula ndikapeza tsiku lopuma. Undiuze ngati akumwa mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, ndipo usandiyankhe kuti ukuganiza choncho. Ukaone m'botolo.

Ndine mlongo wako.


11 Meyi

Achemwali,

Moni. Mankhwala akumwa, m'botolo ndaonamo. Tsopano khalani pansi ndikuuzeni.

Pa filimu pali lamulo limene sindinkadziwa kulemera kwake. Poti timajambula Lamulungu lokha, chilichonse pabalaza chiyenera kukhala pomwe chinali sabata yatha, apo ayi kapu idzaoneka ikudumpha yokha patebulo. Aphunzitsi amata tepi pansi, pomwe pamaima miyendo ya mpando, ya tebulo, ngakhale pomwe pamakhala nsapato za Ababa. Ndinkaopa kuti Amayi adandaula. Kudandaula kuti? Iwo ndiwo asanduka apolisi a tepiyo. Akamasesa amazungulira. Tsiku lina ndinasuntha kapu ya Ababa kuti ndiikepo mbale yanga, anandikwapula padzanja ndi kansalu kopukutira mbale.

Mkazi wa m'filimuyi saoneka. Tinasowa mayi woti asewere mwaulere, ndiye amangomveka akuchapa kuseri. Amayi amakhala pakampando kawo kumbuyo kwa kamera n'kumaonerera.

Sabata yatha tinajambula zolowa zokhazokha, poti kamera inali itayang'ana kale kuchitseko. Wometa amalowa, ine n'kuti dula kuti kamera iime, iye n'kutuluka, n'kulowanso, mpaka chitseko chinayamba kudandaula. Tili mkati Amayi anati, “Bokosilo mulibe kanthu.” Zinali zoona, tinali titachotsa miyala ya sikelo kuti lipepuke. Anatiuza kuti tibwezeremo yonse. Wometa atalinyamula, phewa lakumanja linatsika, mutu n'kupendekera mbali inayo. Analowa choncho dzuwa lili kumbuyo kwake, ndipo Achemwali, anali ngati Ababa enieni. Amayi anati, “Mwabwera?” Wometa sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, “Ndabwera.” Palibe amene anati dula. Wamaukwati anachotsa diso pa kamera n'kumayang'ana pansi.

Tikamaliza kujambula, Aphunzitsi amatipempha tonse kuti tikhale chete kanthawi, ajambule mmene chipinda chimamvekera chikakhala chokha. Akuti chipinda chilichonse chili ndi kupuma kwake. Ine nthawi imeneyo sindiikonda. Wometa amakhala pampando wa Ababa, Amayi amamuyang'ana kumsana, ndipo mumamveka wotchi yokha.

Koma akudya tsopano. Jekete amalisita okha Loweruka. Dzulo anaseka Wamaukwati atapunthwa pa waya, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba. Chondivuta n'chimodzi. Sabata iliyonse amandifunsa kuti, “Zochoka zija muzijambula liti?” Ndikati zili kumapeto, amagwedeza mutu n'kupita kukhitchini. Ndikuona ngati akuziopa, ndipo inenso ndayamba kuziopa.

Kakhadi musaiwale.

Ndine mzime wanu.


18 Meyi

Mwana wanga wachisamba,

Moni wochokera kwa ine mayi ako. Uli bwanji kumeneko? Kuno tadzuka. Maso ndiwo akuvuta, ukaona mizere ikukwera phiri usadabwe.

Nyumba yadzaza anthu masiku ano. Mlongo wako wabweretsa anzake ojambula, amafika Lamulungu m'mamawa, moti kutchalitchi tasiya tonse, Mulungu atikhululukire. Abambo ako amafika dzuwa likangogunda kabati. Amakhala pampando wawo, amamwa tiyi m'kapu yawo, amamasula sikelo patebulo. Sikeloyo sakuitha bwino masiku ano, timisomali timawapulumuka m'manja, koma ine sindinena kanthu.

Sindinakuuzepo za m'mawa uja, pa maliro panali anthu ambiri. Chikwatiranireni, abambo ako sanatulukepo pakhomo pano osaima pachitseko n'kunena kuti ndapita. Ine ndinkati muyende bwino, n'kuwaika kampango m'thumba la pamtima, chifukwa okha ankaiwala. Ngakhale titagona osalankhulana, zimenezo zokha sizinkalephereka. Tsiku limenelo ndinali kuseri ndikuchapa, mpopi uli chitsegulire. Kapena ananena, madzi n'kumeza mawuwo. Kapena sananene. Ine ndinangomva chitseko, kampango kali m'beseni. Anthu amati anapita mwamtendere. Ine sindinawaone akupita, ndiye kwa ine adakali penapake pakati pa khomo ndi msewu, ndipo zimandipweteka.

Kampango kaja ndakachapanso, ndakasita, kali pansi pa pilo. Ndikudikira tsiku lake. Mlongo wako akungoti kumapeto, kumapeto, ngati munthu wa msinkhu wanga ali ndi masiku osungira.

Ukapeza mpata unditumizire mafuta opaka m'mawondo aja, anatha kalekale. Uzivala zofunda.

Ndine mayi ako.


2 Juni

Mzime,

Moni sindikupatsa wautali. Kalata ya Amayi ndaiwerenga nditaimirira m'khonde la kuntchito. Alemba kuti Ababa amafika Lamulungu. Sanalembe kuti wometa, Mzime, alemba kuti abambo ako. Akuti akusunga kampango pansi pa pilo, akudikira tsiku lake. Iwe ukunditamira zoti akuseka? Ndinakuimbira foni, inali yozimitsa, kaya munali pa dula wanuyo.

Kuno tili ndi gogo wina amene m'mawa uliwonse amafunsa mwamuna wake. Wantchito watsopano akamuuza zoona, amalira maliro atsopano, mawa lake chimodzimodzi. Amene amamugwira manja ndine. Sindilola kuti mayi anga aike mwamuna mmodzi m'manda kawiri chifukwa cha filimu yako.

Wekha wanena kuti zochokazo akuziopa. Ndiye asazione. Chaona maso mtima suiwala. Azakhali ndalankhula nawo, adzawatenga Loweruka kuti akagone kwawo, adzati akufuna wowaperekeza kuchipatala. Lamulungu lakelo mumalize zonse. Amayi akamabwera apeze tepi yachoka, mpando wasuntha, jekete lili m'sutikesi, balaza labwerera kukhala balaza. Usawauze kanthu, ukawauza sapita. Wometa uja asadzaonekenso pakhomo ndi ndevu zakezo.

Kakhadi kali momwemu, ndakamata pa pepalali. N'kakakulu, wogulitsa akuti ungajambule maukwati a chaka chonse osafufuta. Ukagwiritse ntchito kamodzi kameneka, kenako filimu zako uzikapangira kwina.

Ndine mlongo wako.


23 Juni

Achemwali,

Ndachita monga munanenera. Kakhadi kanafika, zikomo.

Azakhali anabwera Loweruka. Amayi anakana kaye, akuti jekete sanasite. Ndinawauza kuti sabata ino sitijambula, Wamaukwati ali ndi ntchito kutali. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakatenga chikwama chawo.

Lamulungu tinayamba dzuwa litangogunda kabati. Tinatsegula mpopi kuseri kuti madzi azimveka, monga zinalili tsiku lija. Zochita zake zinali zosavuta. Wometa anyamule bokosi, atsegule chitseko, atuluke osacheuka, chitseko chitsekeke. Ndinalemba choncho chifukwa ndi mmene ndimaganizira kuti zinakhalira. Koma munthu uja anandivuta. Akafika pachitseko amaima n'kucheukira ku kabati, pomwe pamakhala kampando ka Amayi. Ine dula. Tiyambirenso. Afika pachitseko, wacheukanso. Ndinamukalipira pamaso pa anthu, munthu wamkulu amene wandithandiza ulere miyezi yonseyi. Iye anangoti, “Khosi likuchita lokha, mwana wanga. Amayi aja ali kuti?” Pomaliza tinachotsa kampandoko n'kukaika kuchipinda, ndiye anatuluka mowongoka. Wamaukwati anati tamaliza. Palibe anaomba m'manja.

Tinamatula tepi yonse. Pansi patsala timizere toyera pomwe fumbi silinkafika. Jekete ndinaliika m'sutikesi, bokosi pansi pa bedi, mpando ndinaukankhira kukhoma.

Amayi anafika masana. Anaima pachitseko chikwama chili m'manja. Anayang'ana mpando, anayang'ana pansi, anayang'ana msomali umene tinkapachikapo jekete. Anati, “Mwajambula?” Ndinati inde. Anati, “Anachoka nthawi yanji?” Ndinati m'mawa. Sanalire. Anadutsa pabalaza n'kupita kuseri, ndipo ndinamva atsegula mpopi. Nditapita kukaona, anali ataimirira, m'beseni mulibe chovala, madzi akusefukira pamapazi.

Kuchokera tsiku limenelo sakundilankhula kupitirira inde ndi ayi. Kudya abwerera kolawa kuja. Pabalaza sakhalanso, amakhala kuchipinda. Wometa anameta ndevu tsiku lomwelo. Anali akungodikira filimu kuti ithe, wapita kukathandiza mng'ono wake amene watsegula malo ometera ku tawuni ina yakutali.

Inu ndi amene mumadziwa za okalamba. Ndiuzeni kuti zimenezi zimatha, chifukwa ine ndikuopa.

Ndine mzime wanu.


1 Julaye

Mwana wanga,

Mafuta a m'mawondo ndalandira. Azakhali ako andiuza zonse, sachedwa kuulula, umawadziwa.

Ndiye inu awiri munakhala pansi, wina kuno wina kutsidya la nyanja, n'kugwirizana kuti mayi anu mutu wachoka. Wometa uja ndinamuona akuphunzira kugwira sizasi, akugwenyula anthu m'mutu. Mkazi wake tinagonapo chipinda chimodzi kuchipatala. Ndingamusokoneze ndi mwamuna amene ndakhala naye mpaka imvi? Ndi makutu amenewo? Ndinalemba kuti abambo ako chifukwa Lamulungu tonse tinkamutchula choncho. Ngakhale Aphunzitsi ankati Ababa sunthirani kuno, Ababa musatsokomole. Iwonso mukawatengere kwa azakhali.

Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha. Jekete lija liime pachitseko, ine ndili pomwepo, manja anga ali ouma. Ndiike kampango, ndinene mawu anga, chitseko chitsekeke ndikuona. Ndinkadziwa kuti ndi sewero. Maliro amene munandichititsa aja, anthu atandigwira uku ndi uku, mukuyesa sanali ngati sewero? Ili lokha ndinalisankha ndekha. Sabata iliyonse ndinkafunsa tsiku lake. Palibe mmodzi wa inu anati, Amayi mukufunsiranji?

Amati safunsa anadya phula, koma apa osafunsa ndinu, phula mwadyetsa ine. Ulendo woyamba chinandichotsa ndi mpopi. Ulendo wachiwiri andichotsa ana anga.

Sindikukutemberera. Ndikudziwa kuti unachita ndi mtima wachisoni. Koma nkhalamba zako za kumeneko si ine, ndipo ndakwiya.

Ndine mayi ako.


15 Julaye

Mzime,

Amayi andilembera. Sindikuuza zonse, kalatayo ndimaiwerenga pang'onopang'ono chifukwa yonse kamodzi sindingathe. Sanasokonezeke. Ankadikira zochokazo kuti atsanzikane ndi Ababa, aike kampango m'thumba la jekete, chifukwa tsiku lija anali kumpopi. Ife tinawachotsa.

Mufunefune Wometa abwere, ulendo wake ndiuona ine. Matani tepi, bwezani mpando, chitani zonse monga kale. Ngati ndevu palibe, matani za thonje. Ndiyankhe msanga, ndikulephera kugwira ntchito.

Ndine mlongo wako.


29 Julaye

Achemwali,

Zobwereza ndinawauza. Anakana ndisanamalize n'komwe. Akuti poyamba paja anthu ankagwira ntchito yawo, iwo n'kupezerapo mwayi. Tsopano kukhala kusonkhanitsa anthu kuti adzatonthoze nkhalamba, ngati mmene amanamizira mwana ndi switi. “Sindinafike pamenepo,” anatero.

Filimu ndinaimaliza kulumikiza. Sindinkafuna kuwaonetsa, koma anaipempha okha. Ndinaika kompyuta patebulo, iwo anatulutsa kampando kawo. Anaonera mpaka kumapeto. Wometa atanyamula bokosi n'kulunjika kuchitseko, Amayi anadzuka n'kunena kuti, “Muyende bwino.” Munthu wa m'filimuyo sanacheuke. Sangacheuke, ndine ndinamuletsa. Chitseko chinatsekeka, madzi akungomveka kuseri. Anati ndibwezere. Ndinabwezera. Ananenanso, iye n'kutulukanso chimodzimodzi. Tsopano ndi za m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Amalankhula ndi msana, Achemwali, ndipo msanawo ndinaupanga ndine.

Dzulo Wamaukwati anabwera kudzabwereka kakhadi kanu kaja, akuti ndikhuthule zimene zilimo. Polumikiza paja ndinangotengamo mapeto okha, zinazo sindinaziyang'ane. Nditatsegula ndinapeza zonse za tsiku lomaliza zili momwemo. Kale tinkafufuta zolakwika pompo, koma tsiku limenelo malo anali ambiri, palibe anaganiza zofufuta. Zonse zimene ndinkati dula zija zilipo. Wometa akuima pachitseko, akucheuka. Pali pena pamene ndinachedwa kudula, ndipo anayang'ana nthawi yaitali ku kabati, pafupi ndi pomwe kamera inali, moti ukamaonera amakhala ngati akuyang'ana iwe. Ndinatseka kompyuta n'kutuluka panja kukapuma mphepo.

Ndachotsa mapeto anga aja n'kuikapo amenewo. Aphunzitsi akuti filimu yafewa, yataya ukali wake. Kaya. Mawa Amayi akadzati ndiyatse, ndiyatsa imeneyi. Nthawi ino ndawauza kale kuti ndasintha, ndipo ndawafunsa ngati akufuna kuona. Anati, “Waphunzira kufunsa.”

Ndine mzime wanu.


10 Ogasiti

Mwana wanga wachisamba,

Moni. Uli bwanji? Ndamva kuti ukudwala nazo nkhani zakuno. Leka, uzidya. Mkwiyo wanga unatha, unatsala pang'ono wa mlongo wako chifukwa iye ndimamuona tsiku lililonse.

Anandionetsa filimu yosinthidwayo. Ndinasamba kaye, ndinavala diresi langa lamaluwa, manja ndinapukuta bwinobwino. Kampango ndinali nako pamiyendo. Jekete linanyamuka pampando, linatenga bokosi, phewa lili pansi monga mwa masiku onse. Linafika pachitseko. Linaima. Kenako anacheuka.

Mlongo wako akuti Wometa ankafunafuna ine pakampando, ndiye chifukwa chake anayang'ana choncho. Mwina. Ndinakuuza kuti Wometa ndimamudziwa, ndipo mutu wanga uli bwinobwino, usayambenso kuimbira azakhali ako. Koma dzuwa linali kumbuyo kwake, nkhope ili mumthunzi, ndipo ndinaona milomo ikugwedera. Mawu sanamveke, madzi awo a m'filimu aja anali akusokosera kuseri. Ndinawafunsa Aphunzitsi atabwera kudzandiona. Akuti tsiku limenelo anali ndi zomvera m'makutu, munthuyo sananene kanthu. Sindinatsutsane nawo. Milomo imeneyo ine ndaiwerenga zaka zonse za ukwati wanga. Anati ndapita.

Ndiye kuti ananena, mwana wanga. Madzi ndiwo anameza.

Ndinayankha mawu anga. Anayang'anabe pang'ono, kenako anatuluka, chitseko chinatsekeka ine ndikuona. Mlongo wako anafunsa ngati abwezere. Ndinati ayi, munthu akatsanzika sabwezedwa. Ndinamutuma akatenge sutikesi. Kampango ndinakaika m'thumba la pamtima, ndinamanga mabatani, ndinatseka ndekha. Pamenepo ndi pomwe ndinalira, ndipo mlongo wako anachedwa kuntchito.

Mpando ndausunthira kuwindo, ndimasokerapo. Timizere ta tepi tija tikuzimiririka ndikamakolopa. Filimu akuti akaionetsa kwa anthu mwezi wamawa muholo ya kusukulu kwa Aphunzitsi. Ine sindipita, ndinaona kale zanga.

Ukadzabwera kudzationa usadzavutike ndi mphatso. Koma tsiku lobwerera, kaya galimoto ikuliza hutala, kaya wachedwa bwanji, usadzatuluke pakhomo pano ine ndili kuseri. Udzandiitane, ndidzapukute manja.

Ndine mayi ako.